Dzina Lobwereka

Aleck anali atalemba zilembo zitatu zokha pa mtanda, E, Z ndi E wina, pamene ndodo inamenya chitini cha penti n'kuchigubuduza. Penti woyera anayenderera pa dothi mpaka anakakhudza nsapato ya Jenipher.

"Leka kulemba zimenezo," anatero mwini ndodoyo. "Ezekiel sanamwalire."

Anali atate ake aakulu a Jenipher, a Mathews Kwenda, nkhalamba yotsimphina mwendo wakumanzere.

Linali Lachitatu, pa 17 Julaye 2024. Atate a Jenipher, aphunzitsi Ezekiel Kwenda, anamwalira Lolemba kuchipatala cha kuboma, ndipo thupi lawo linali likadali komweko kudikira kuikidwa Lachinayi. Kumaso kwa nyumba ya malemu, m'mudzi wa kwawo ku Zingalume, amuna anakhala m'timagulu akuothera dzuwa. M'nyumba amayi a Chigwirizano anali kuimba. Kuseri kuno kunali anthu atatu okha ndi mtanda wa mlombwa umene Aleck, mmisiri wa matabwa, anaupala tsiku lonse la dzulo lake osalola wina kumuthandiza, chifukwa malemu ndiwo anamuphunzitsa kugwira pensulo.

"Akuluakulu," anadandaula Aleck akutola chitini, "penti ameneyu ndachita kumupalasira njinga mpaka kuboma. Mukanangomenya ine."

Jenipher anapukuta nsapato yake pa udzu. Anayesetsa kuti mawu ake asakwere.

"Atate aakulu, khalani pansi. Ndinali pomwepo pamene mpweya unkatha. Maso ndinawatseka ndine."

"Unatseka maso a mng'ono wanga, Nakwenda, sindikukana. Koma Ezekiel ndi uyu waima pano." Anadzimenya pachifuwa. "Mukufuna kundikwirira ndikupuma?"

Phokosolo linabweretsa Osward, mlongo wake wa Jenipher, woyamba kubadwa, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Lusaka. Anayang'ana penti pansi, anayang'ana nkhalambayo.

"Abambo, anthu akumva."

"Amve! Ndakhala chete zaka 66. Sizinakwane?"

Osward anapendekera kwa mlongo wake n'kunong'ona, koma mokweza ndithu: "Mutu wayamba kusokonezeka. Wina awaperekeze kwawo."

"Mutu wanga uli bwino kuposa wako, iwe. Kafunseni amayi anu. Akakana, penti wina ndikagula ndine, ndipo Ezekiel ndidzamulemba ndekha pamenepo."

Anatembenuka n'kutsata kanjira kodutsa m'munda wa mtedza wokolola kale, kupita kunyumba kwawo. Ndodo patsogolo, mwendo wopindika ukukoka fumbi pambuyo.

Jenipher anawayang'ana mpaka anazimiririka kuseri kwa nkhokwe. Munthu ameneyu anadya moyo wa atate ake kuyambira iye akukwawa. Mvula yoyamba ikagwa, atate ankasiya munda wawo n'kupalasa njinga kuchokera ku Pembamoyo, kumene ankaphunzitsa, kudzadzala wa akulu awo, ndipo chimanga cha kwa aphunzitsi chinkamera mochedwa chaka ndi chaka. Ana anayi a atate aakulu anakulira m'nyumba ya sukulu ya zipinda ziwiri, eni nyumba akugona mopingasa. Mu 1985, Jenipher ndi Lydia, mwana wa atate aakuluwo, anasankhidwa limodzi kupita ku sekondale yogonera komweko. Sutikesi inali imodzi. Inapita ndi Lydia, Jenipher ananyamula zovala zake m'thumba la feteleza. Tsiku la ukwati wake, mu 1996, mpingo wonse unadikira ola lathunthu chifukwa atate anali m'njira akukankha njinga, akulu awo atakhala pakaliyala. Sanamvepo nkhalamba imeneyi ikunena zikomo. Ndiye lero, mtembo usanaikidwe n'komwe, ikufuna ndi dzina lomwe.

Anapisa dzanja m'chitenje kuti aone ngati pepala lake lilipo. Banja linamupatsa ntchito yolemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu pamaliro, chifukwa iye ndiye wosunga mafayilo pa ofesi ina ya boma ku Chipata, ndipo pa zaka 28 sanalakwitsepo deti. Anailemba Lachiwiri, kuchokera m'mapepala a m'bokosi la atate. Anabadwa pa 9 Malichi 1937. Analowa koleji ya uphunzitsi ya mishoni mu Januwale 1958. Anayamba kuphunzitsa ku Zemba mu 1960, anakwatira mu 1966, anasamukira ku Pembamoyo mu 1971, anakhala mphunzitsi wamkulu mu 1978, anapuma mu 1992. Asiya ana asanu ndi zidzukulu 19. Deti lililonse linali ndi pepala lake.

Koma panali deti lina limene silinali pa pepalali, ndipo tsopano linamubwerera. Zaka zisanu zapitazo anaperekeza atate aakulu kukapimitsa maso, n'kuona chitupa chawo. Chinati 1939. Mkulu wobadwa zaka ziwiri pambuyo pa mng'ono wake! Anaseka tsiku limenelo, poganiza kuti makalaliki akale ankangoyang'ana ndevu za munthu n'kumupatsa chaka.

"Ndilembe kapena ndidikire?" anafunsa Aleck.

"Lemba," anatero Osward.

"Ndi chiyani? Penti ali pansi."

Jenipher sanadikire kuti amve zambiri. Analowa m'nyumba, anadutsa pakati pa miyendo ya amayi oimba, anagwada pamphasa pamene panakhala amayi ake, a Deborah, n'kuwanong'oneza kuti apite kuchipinda. Atatseka chitseko, amayi anakhala pamphepete pa bedi, manja pamiyendo.

"Amayi, atate aakulu ataya penti wa Aleck. Akuti Ezekiel ndi iwo."

Amayi sanadzidzimuke. Sanatukule ngakhale nsidze.

"Ataya yense?"

"Amayi!"

"Usandikalipire, ndine namfedwa." Anakonza duku lawo. "Khala pansi. Ukundizunguza mutu ndi kuimirirako."

Jenipher anakhala pabokosi la atate. Amayi analankhula akuyang'ana khoma, mawu ali phee ngati akufotokoza njira yopita kuchigayo.

"Onse awiri analemba Sitandade 6 chaka chimodzi, 1957. Wamkulu anakhoza. Wamng'ono analephera masamu. Kalata ya mishoni inabwera yoitana wamkuluyo ku koleji. Itatsala milungu itatu, ngolo ya ng'ombe inagubuduzika naye pachigwa, mwendo unathyoka pawiri. Malume awo anati malo amenewa asapite kwa mwana wa mudzi wina. Masiku amenewo kunalibe zithunzi. Mzungu ankangoitana dzina, amene wayankha ndi yemweyo. Anagwirizana kuti wamng'ono akasunge malowo teremu imodzi, mkulu wake achire. Mwendo unatenga chaka ndi theka. Pofika pamenepo koleji yonse inali itadziwa nkhope ya Ezekiel."

"Masamu," anatero Jenipher. "Analephera masamu. Munthu amene ankatiimika pakhomo kuti tinene thebulo la 7 tisanasambe m'manja."

"Mwina n'chifukwa chake."

"Inu munadziwa liti?"

"Chaka chomwe tinakwatirana. Anthu a boma anabwera kudzalemba zitupa, onse awiri anakaima pamzere. Atate ako anali ndi satifiketi ya uphunzitsi. Akanatchula dzina lina, ntchito ikanathera pomwepo, mwinanso ndende. Akulu awo anali kumbuyo kwawo, anamva dzina lawo ndi chaka chawo zikulembedwa. Kalaliki atawafunsa iwo, anatchula limene linatsala. Madzulo ake atate ako sanadye. Ndinawafunsa kuti kodi ndiwo zaipa. Ndi pamene anandiuza."

"Ndipo inu munangokhala nazo. Ife tikukula, tikulemba dzina limenelo pa mayeso, pa mafomu, pa mtchato, inu mukuonerera."

"Ukanafuna ndikuuze uli ndi zaka zingati? Zisanu? Ukaimbe kusukulu?"

"Ndili ndi zaka 53, amayi. Munali nayo nthawi."

Chitseko chinatseguka. Osward anali atamva zokwanira, nkhope yake inanena zimenezo. Analowa n'kutsekanso ndi msana.

"Palibe chimene chisinthe," anatero. "Kalata ya imfa ikuti Ezekiel. Chilolezo cha kumanda chikuti Ezekiel. Mapulogalamu 300 ndasindikiza kale, ali m'galimoto. Mawa kukubwera abusa, akuluakulu a maphunziro, anthu amene atate anawaphunzitsa kuyambira ku Zemba, ena ndi imvi zawo. Tiime pamaso pawo tinene kuti aphunzitsi anu analowa m'kalasi ndi dzina la mwini? Kuti ankakwapula ana okopera mayeso pamene iwo eni..." Anatembenukira kwa amayi. "Mwana wanga woyamba ndinamutcha Ezekiel."

"Ndiye unatcha akulu awo," anatero amayi. "Palibe choipa. Ndi agogo akenso."

"Amayi, musandiyese."

"Iwenso usaiwale malo ako. Maliro si ako, Osward. Inu ndinu ana. Eni maliro ndi a kwawo kwa malemu, ndipo a kwawo watsala ndi mmodzi, yemwe ukuti mutu wasokonezekayo."

Osward anatembenukira kwa mlongo wake.

"Mtanda awuchite zomwe akufuna, dzuwa ndi mvula zidzafufuta. Koma mbiri anthu adzaimva ndi makutu. Jeni, uwerenge zimene walemba."

"Zimene ndalemba, mzere woyamba ndi bodza, alongo. Dzina si lawo, chaka si chawo."

"Ndiye uwerenge bodzalo. Iwo analiwerenga zaka 66, iwe ukulephera mphindi zisanu?"

Jenipher anaimirira. Anafuna kumenya winawake, koma woyenera kumenyedwa anali chigonere mufiriji kuboma, atavala suti imene iye anasita yekha. Anatuluka. Amayi a Chigwirizano anapinda miyendo kuti adutse, nyimbo osaidula.

Dzuwa linali litakwera pamene anadutsa m'munda wa mtedza. Anapeza atate aakulu atakhala pakhonde, mwendo wopindika atautambasula, lichero pamiyendo, akusenda mtedza. Mwana wakhalidwe akanagwada potero n'kudikira kulonjeredwa. Jenipher anaima chiimire pabwalo.

"Mwadikira kuti afe," anatero.

"Inde."

"Bwanji simunanene ali moyo, ayankhe okha? Munda wanu analima, ana anu analera, njinga yawo inathera pa inu. Lero ali chete, ndi pamene mukufuna kuwavula pamaso pa anthu."

Nkhalambayo inaponya makoko pansi.

"Ndinamupempha ine kuti andilimire? Ukuganiza zinkandikoma kuona mphunzitsi wamkulu akupinda buluku m'munda mwanga, mudzi wonse ukuloza kuti wopunduka uja ali ndi mwayi? Ndinamuthamangitsa kangati ndi ndodo yomweyi? Chaka chinacho wabweranso, khasu pa njinga, 'Akulu, mwadzuka bwanji.' Iwe ukuti sindinanenepo zikomo. Ndinkakuona maso ako, usaganize kuti sindinkaona. Zikomo wa chiyani? Ine ndinakhoza mayeso, Nakwenda. Ndinali wachitatu pa sukulu zonse za mishoni kuno. Ndakalamba ndikusenda mtedza."

"Ndiye mukubwezera."

"Ndikanafuna kubwezera ndikanamulola. Kawiri konse anavala jekete kuti akaulule kuboma. Koyamba amayi ako ali ndi pakati pa Osward. Kachiwiri mu 1992, atamuchitira phwando lopuma ntchito, anabwera kuno usiku wake sanagone, akuti anthu amuimbira nyimbo zanga. Kawiri konse ndinamuvula jekete ndine. Ndinati ukapita, ana awa adya dzina?"

"Nanga lero chasintha n'chiyani? Ana aja tilipobe. Manyazi adzagwera ife."

"Lero salinso pa ntchito ya boma." Anaika lichero pambali. "Ine ndinabatizidwa Ezekiel, iye anabatizidwa Mathews. Madzi anali amodzi, mbusa mmodzi, m'tchalitchi cha udzu chimene chinali paja pali mjigo. Kumwamba kulibe chitupa. Tsiku lomaliza akadzaitana kuti Mathews, pamanda olembedwa Ezekiel adzadzukepo ndani? Nanga ine ndikadzagona pambali pake, mudzalemba chiyani?"

"Mulungu sawerenga mitanda, atate."

"Iye sawerenga, koma inu mumawerenga. Mng'ono wanga anachoka pano pa 13 Januwale 1958, ndi kabudula wanga, ndi kalata yanga. Kuyambira tsiku limenelo palibe anamuitana poyera ndi dzina limene mayi wake anamupatsa. Mayi athu eni anamwalira akumutcha aphunzitsi, kuopa kuti lilime lingaterereke pali anthu. Ndiye apite m'dothi chomwecho? Mtandawo ndikhoza kulamula, maliro ndi anga. Koma mawa woimirira pamaso pa anthu ndiwe. Ukanena kuti Ezekiel wamwalira, ine ndidzakhala pamenepo ndikumva, ndipo iye adzapita wopanda womutchula."

Jenipher anayang'ana kumbali. Nkhuku inali kutola makoko. Anaganiza za Osward ndi mapulogalamu ake, za amuna a imvi amene mawa adzavule zipewa, za mmene nkhaniyi idzayendere pa njinga kufika ku Pembamoyo dzuwa lisanalowe. Kenaka anakumbukira Lamulungu lapitalo kuchipatala. Namwino anaitana kangapo m'mawa, "A Ezekiel Kwenda, tsegulani maso," atate osagwedezeka. Iyenso anaitana, amayi anaitana. Masana atate aakulu anafika pa njinga yamoto, anawerama pabedi n'kunong'ona kukhutu. Atate anatsegula maso n'kunena momveka bwino, "Wawa." Anali mawu awo otsiriza. Tsiku limenelo Jenipher anatuluka panja ndi ukali, poona kuti ngakhale pa imfa munthu woyankhidwa ndi yemwe uja.

"Kuchipatala kuja munawanong'oneza chiyani?"

"Ukudziwa kale. Dzina lake."

Jenipher anakwera pakhonde, anagwada, n'kutulutsa pepala ndi cholembera m'chitenje. Anakhwatcha mzere woyamba mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

"Atate sindinawakhululukire," anatero. "Inunso ayi, amayinso ayi. Ndipo Osward sadzandilankhula mpaka Khirisimasi, mwina kupitirira. Koma deti lolakwika sindiwerenga. Ndidzanena mayina onse awiri, ndi mmene zinayendera, ndi chaka chake. Anabadwa liti?"

"Pa 2 Novembala 1939. Lachinayi, mvula isanagwe."

"Lembani nokha kuseri kuno, Aleck akakopere."

Sanawaonepo atate aakulu atagwira cholembera. Anapukuta zala pa malaya, anavundikira lichero pamiyendo, anayala pepala pamwamba pake. Anayamba ndi kujambula mzere wowongoka, wopanda rula. Kenaka analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. M wamkulu wa miyendo itatu yofanana, wokhala ndi kamchira kopindikira kumanzere. T wodulidwa pamwamba penipeni. K wa Kwenda wotambasula mwendo pansi pa zilembo zinzake.

Jenipher anawerama kuyang'anitsitsa. Zolemba zimenezi anakula nazo. Zinali pa bolodi ku Pembamoyo, pa malipoti a ana a anthu, pa makalata onse amene ankalandira kusekondale.

"Izi ndi zolemba za atate."

"Ndi za ku koleji," anayankha osadzutsa mutu. "Tchuthi chilichonse ankabwera ndi makope ake onse. Ine ndili gone pamphasa ndi mwendo wanga, iye ankakhala pambali n'kundiphunzitsa zonse za teremu imeneyo, phunziro ndi phunziro, osadumpha. Ndinkamutukwana, ndinkatembenukira kukhoma. Ankangodikira. Ankati, 'Akulu, ndi zanu izi, ine ndangokutengerani.' Zaka ziwiri zonse, mpaka mayeso otsiriza anandilembetsa pansi pa nkhokwe, iye atagwira wotchi yobwereka." Analoza chilembo choyamba ndi chala. "M uyu yekha anandibwerezetsa masiku atatu. Akuti mchira ukutalika."

Anamaliza zaka ziwirizo, 1939 ndi 2024, n'kudula mzere pansi pake. Cholemberacho chinali cha masiku ano, chouma pompo, koma ananyamula pepala ndi manja awiri, analiuzira mpweya kawiri kuti inki iume, ndipo anamupatsa Jenipher.